Malimu aakulu ndi msana wowawa: yankho kwa mbale wa ku Rosettenville

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wina wokhala ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg. Anagula Toyota Corolla Quest yoyendapo kale ndipo amayendetsa Bolt, takisi yoitanitsa pa foni. Galimotoyo inabwera ndi matayala a 195/65 R15, koma ataona malimu onyezimira a mainchesi 17 akugulitsidwa motchipa, anagula n'kuvekapo matayala a 225/45 R17. Akulemba kuti: "Chiikireni malimuwa, galimoto ikugunda ngati ngolo. Mayi a kunyumba akudandaula msana, makasitomala nawo akumandiyang'ana tikadumpha bampu. Mnzanga akuti ndiphwetseko mphepo ifike 1.6 bar. Kodi nditero? Disembala ndikufuna kupita nayo kumudzi."

Achimwene, ndiyambe ndi zophwetsazo chifukwa ndi zimene zandidetsa nkhawa. Musatero ayi. Mnzanuyo sakunama kuti galimoto ifewa, ifewadi, koma mukhala mutagula kufewako ndi moyo wa anthu amene mwanyamula. Ndibwereranso pa mfundo imeneyi. Poyamba tione chimene chinasintha tsiku limene munachotsa malimu a 15.

Manambala olembedwa m'mbali mwa tayala aja ali ndi nkhani yonse. Pa 195/65 R15, 195 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. 15 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Ya pakatiyo, 65, ndi imene ambiri sitiilabadira, chikhalirecho ndi imene msana umamva. Ikutanthauza kuti khoma la tayala, labala wa kuchokera pa limu kufika pamapazi a tayala, ndi 65 peresenti ya kutambalala kuja. Mukawerengetsa mupeza mamilimita pafupifupi 127. Tsopano tengani tayala lanu latsopanoli: 45 peresenti ya 225 ndi mamilimita 101. Wilo lonse, kuyeza kuchokera pansi kufika pamwamba, latsala chimodzimodzi, mamilimita pafupifupi 634 konsekonse, ndipo n'chifukwa chake linakwana bwinobwino. Koma mkati mwa mulingo womwewo chitsulo chachuluka, labala ndi mphepo zachepa. Mamilimita 26 amene achoka pa khomawo anali khushoni yanu.

Anthu ambiri amaganiza kuti kufewa kwa galimoto ndi ntchito ya masipuling'i ndi ma shock basi. Ayi, choyamba kukumana ndi msewu ndi tayala. Timiyala, ming'alu ya phula, zigamba zimene amamata akakumba mapaipi, zonsezi zimayenera kuthera m'khoma la tayala zisanafike ku sipuling'i. Khoma lalitali limapindika n'kumeza bampu. Khoma lalifupi amalipanga dala lolimba kuti galimoto isayendeyende pokhota mothamanga, ndiye zimene lalandira limangopereka kwa inu osachotserako. Onjezerani apo kuti malimu aakulu, makamaka otchipawa, nthawi zambiri amalemera kuposa aang'ono. Wilo lolemera likadumpha pa bampu, shock imavutika kulibweza pansi msanga, ndipo kugunda kumene mukumva pansi pa mpando n'komweko. Kutambalala nakonso kuli ndi mtengo wake: tayala la 225 limachita phokoso kwambiri, limakonda kutsatira mizere ya m'phula moti chiwongolero chimakoka, ndipo limamwetsako mafuta. Kwa munthu wa Bolt amene amayenda tsiku lonse, mafutawo amaoneka pakutha pa mwezi.

Sindikunena kuti malimu aakulu alibe ubwino. Pa msewu wosalala galimoto imamvera chiwongolero msanga, ndipo kukongola amakongoladi. Koma ife sitikhala pa msewu waukulu wa M1 wa mu Joni pokha. Makasitomala anu mumawatenga ku Turffontein, ku Malvern, ku Yeoville, ndipo mvula ya Januwale ikagwa, maenje amamera usiku umodzi.

Ine zinandionekera zaka zingapo zapitazo. Ndinali ndi matayala a khoma lalifupi ngati anuwa, ndipo usiku wina mvula ikugwa ndinalowa m'dzenje lodzaza madzi, losaoneka. Phokoso lake linamveka m'mano. M'mawa ndinapita kokonzetsa, ndipo mnyamata wa pamenepo anagwada, n'kuyendetsa chikhato m'mbali mwa tayala la kutsogolo, kenako anatenga dzanja langa n'kuliika pamene iye anaima. Panali chotupa ngati dzira la nkhuku. Anandifotokozera kuti tayala linapanikizika pakati pa mlomo wa dzenje ndi limu, ulusi wa mkati unaduka, ndipo chimene chagwira mphepo pamenepo ndi labala yekha. Chotupa chotere sachimata. Atachotsa wilo n'kulizunguza pa makina, limu nalo linkavina, litapindika mkati kumene maso safika. Tayala linali lisanathe ndi theka lomwe, koma ndinalisiya pomwepo.

Tsopano tibwerere kwa mnzanu uja. Mukaphwetsa tayala la khoma lalifupi kufika 1.6, mwafupikitsanso kampata kamene kanatsala pakati pa limu ndi phula. Dzenje limene dzulo munadutsa bwino, mawa likudulirani ulusi. Koma choopsa kwambiri ndi kutentha. Tayala lopanda mphepo yokwanira limapindika n'kuwongoka nthawi iliyonse likazungulira, ngati mmene waya amatenthera mukamaupindapinda ndi manja. Pa liwiro la makilomita 120 pa ola pa msewu waukulu wa N1, muli ndi anthu anayi, kutenthako kumalekanitsa labala ndi mawaya a mkati, ndipo tayala limaphulika osachenjeza. Zidutswa za labala zimene timaziona m'mbali mwa msewu, zambiri nkhani yake ndi imeneyi. Lisanafike pophulika, limadyeka m'mapewa monse muwiri, mabuleki amatalika, ndipo pamadzi galimoto imatsetsereka msanga.

Komanso n'kutheka kuti mbali ina ya kugundako ndi mphepo yochuluka. Izi ndimaziona kawirikawiri. M'mbali mwa tayala mumalembedwa nambala ina ya "max", ndipo ena amapopa kufika pamenepo poganiza kuti ndiye mulingo wake. Imeneyo ndi malire a tayala, si mphepo ya galimoto yanu. Tayala lopopa mopitirira limadunda ngati mpira, limagwira msewu ndi pakati pokha, ndipo limadyeka pakatipo. Mulingo weniweni uli pa kasitika kamene amamata pa felemu ya chitseko cha dalaivala, kapena m'galimoto zina kuseri kwa kachitseko ka mafuta, komanso m'buku la galimoto. Galimoto zina zimapereka manambala awiri, ya anthu ochepa ndi ya katundu wodzaza. Ambiri amapopa ya katundu wodzaza ulendo umodzi n'kuiwala kubweza, kenako n'kumayenda okha m'tauni akudabwa kuti galimoto yauma bwanji. Kuno ku galaja amayeza ndi bar kapena kPa, ndipo 2.2 bar ndi chimodzimodzi 220 kPa, kapena 32 kwa amene anazolowera psi. Wothira mafuta akakufunsani, mutchulireni nambala ya pa sitika, osangovomera "two bar" chifukwa ndi imene yatchulidwa.

Yezani m'mawa, tayala likadali lozizira, musanayende mtunda wautali. Mukayeza masana mutazungulira tauni yonse, geji iwerenga mokwera, ndipo mukaphwetsa pamenepo ndiye kuti m'mawa mudzuka ndi tayala loperewera. Mphepo imatsika ndi pafupifupi 0.1 bar kunja kukazizira ndi madigiri 10, choncho m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chisanu cha Joni chikafika, muziyeza pafupipafupi. Ndikulangizani mugule kageji kanukanu kosunga m'galimoto, chifukwa mageji a m'magalaja amagwetsedwa pansi tsiku lonse ndipo sagwirizana. Za nayitrojeni, zija za tizivindikiro tobiriwira, musataye nazo tulo: mpweya umene timapumawu 78 peresenti yake ndi nayitrojeni kale, ndipo galimoto siifewa chifukwa cha iyo.

Ndiye muchite chiyani? Ngati malimu a 15 aja simunagulitse, abwezereni. Limenelo ndiye yankho langa loona, ndipo tsiku lomwelo mayi a kunyumba adziwa okha musanawauze. Matayala a 195/65 R15 ndi otchipanso, ndipo amapezeka paliponse mpaka ku Tete ndi ku Limbe, pamene a 17 mukhoza kuwasaka tsiku lathunthu. Ngati mtima ukukana kusiyana ndi malimu okongola, pali njira ya pakati: 205/55 R16. Khoma lake ndi mamilimita pafupifupi 113, ndipo wilo lonse likusiyana ndi loyamba lija ndi mamilimita osakwana atatu, moti sipidomita siikunamizani. Chimene musachite ndi kuveka tayala la khoma lalitali pa malimu a 17 omwewo kuti mubweze khushoni. Wilo likula, liyamba kukhula bodi mukakhota kapena mukanyamula anthu, ndipo sipidomita izionetsa liwiro lochepa kuposa limene mukuthamanga. Makamera a pa msewu sadzamva zimenezo.

Pogula, yang'ananinso manambala otsatira, monga 91H. 91 akutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 615, ndipo H ndi liwiro lofika 210. Musatsike pansi pa zimene buku likunena. Koma musaganizenso kuti tayala lolimba kwambiri ndiye labwino nthawi zonse. Matayala olembedwa C, ngati a ma Quantum aja, anapangidwira kulemera kwa minibasi, ndipo pa Corolla angakuswereni msana. Ambiri a ife timagula matayala ogwirapo kale ntchito, sindikuweruza, ndalama ya Joni tikuidziwa. Kungoti pezani manambala anayi amene ali kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: 2321 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2021. Labala akakalamba amauma, amachita ming'alu ndipo amagunda, ngakhale mapazi akuoneka atsopano. Lamulo la kuno limafuna mapazi osachepera milimita imodzi, koma ine pa mvula ya mabingu ya ku Gauteng sindidikira kufika pamenepo.

Mukabwezera matayala oyenera, mphepo ili pa mulingo, koma galimoto n'kumagundabe kapena kumanjanja ikadutsa bampu, pamenepo kaonetseni ma shock ndi mabushi. Miyezi imene mwayenda pa 17 m'maenje yawagwiritsa ntchito yakalavulagaga.

Za ulendo wa Disembala, pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa. Johannesburg ili pamwamba, mamita opitirira 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kunja kuno ndi wopepuka. Mukatsikira kumalo otsika ngati chigwa cha Zambezi ku Tete, mpweya wa kunja umapanikiza tayala kwambiri, moti tayala lozizira limene kuno linali 2.4 likhoza kuwerenga pafupifupi 2.2 popanda kuboola paliponse. Pamenepo n'kuti buti yadzaza mabulangete ndi magolosale a kumudzi, kumbuyo kwakhala anthu atatu, phula likutentha ngati chiwaya. Choncho ponyamuka popani mulingo wa katundu wodzaza, ndipo paliponse pamene mwagona, kaya ndi ku Musina podikira Beitbridge, kaya ndi ku Harare musanalowere ku Nyamapanda, yezani m'mawa musanalize injini. Masana mukaona geji yakwera chifukwa cha kutentha, musaphwetse. Sipeya nayo muiyeze musanaiunjikire katundu pamwamba, ndipo ngati ndi kaja kakang'ono kopyapyala, kamafuna 4.2 bar ndipo sikayenera kupitirira liwiro la 80. Pa ulendo wa ku Mwanza ine ndikanakagulako wilo lathunthu la 15 n'kulimangirira m'buti.