Ndimadwazika anthu kumudzi koma sindinaphunzire, ndiyambire pati?

FUNSO: Anti, ine ndi mayi wa ku Lizulu, ndinadwazika mayi anga a khansa ya khomo la chiberekero mpaka anatisiya, ndiye pano wina akangodwalika m'mudzi muno anthu amathamangira ine ngati ndine nesi pomwe sukulu ndinalekezera fomu 2. Kodi maphunziro a zimenezi alipo? Nanga amalipira? Wina wake pa WhatsApp akuti ndimutumizire ndalama andipezere satifiketi.

YANKHO: Pepani ndi imfa ya mayi, achemwali. Koma ndalamazo musatumize chonde, ameneyo akufuna angokudyerani basi.

Maphunziro alipo. Kuchipatala amati palliative care, chisamaliro cha munthu amene matenda ake sachiritsika kuti asamamve ululu. Manesi ndi makiliniko ofesa ali ndi maphunziro awo kudzera ku Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe loona za chisamalirochi m'Malawi muno la PACAM, komanso malo ngati Tiyanjane ku Queens ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima akhala akuchita ntchitoyi kwa zaka zambiri. Inu khomo lanu ndi la mavolontiya a home based care, aja osamalira odwala m'makomo. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena kwerani minibasi mukafike pa chipatala cha boma ku Ntcheu kapena ku Dedza, poti inu a ku Lizulu muli pamalire, mukafunse nesi woona za palliative care kuti akulembeni dzina. Mipingo ina nayo ili ndi magulu oyendera odwala, funsaninso kumeneko.

Zomwe mukaphunzire zina mukuzidziwa kale koma mukazidziwa chifukwa chake. Wodwala wosadzuka amatembenuzidwa pa maola awiri alionse, ndipo mumayang'ana zidendene ndi m'chiuno, pakangoyamba kuda kapena kufiira ndiye kuti bala layandikira. Morphine wamadzi, mankhwala amphamvu oletsa ululu, odwala amamwa pa maola anayi alionse osachita kudikira kuti munthu ayambe kubuula, ndipo amadzimbitsa ndiye pamafunika mankhwala ofewetsa m'mimba. Muyezo amanena ndi achipatala, volontiya sawonjezera yekha ayi. Ndipo zoti morphine amamalizitsa munthu nzabodza, ambiri amangompeza mochedwa atafooka kale, akamwalira abale nkumaloza botolo.

Koma mbali yovuta ndi yolankhula, ndipo kwa ine ndiyo yofunika muipitire kumaphunziroko. Abale akukokerani kuseri kwa nyumba amvekere musawauze, mukalowa wodwalayo akugwirani dzanja nkufunsa kuti kodi ndichira? Kunama simuyenera, komanso simungangophulitsa, mumayamba mwamufunsa iye zomwe akuganiza ndi zomwe adokotala anamuuza, nkukhala chete kumumvera ngakhale misozi ikutsika. Ambiri amakhala akudziwa kale, nkhawa yawo ili pa ana ndi munda kuti zitsala ndi ndani. Ndiye pali amalume amene akufuna agulitse mbuzi zonse apite kwa sing'anga, mwina ayamba kale kuloza agogo ena zala, pamenepo pamafunika pakamwa pofatsa, apo ayi mudana ndi mudzi wonse.

Za malipiro ndisakunamizeni, ndi ntchito yongodzipereka, mwina kanjinga kapena ka alawansi pa nthawi ya maphunziro. Ngati mukufuna ya malipiro pamwezi bwererani mukalembe MSCE, mukhoze bwino masayansi, kenako muyesere unamwino ku makoleji a zipatala za mipingo a CHAM kapena ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS.