Kodi ndisunge ndalama za ndege kapena ndiyambe kuphunzitsa? Yankho kwa mayi wosoka zofunda za zigamba

Mayi wina wa ku Area 25, amene ntchito yake ndi yautelala, wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene ndaona kuti ndiliyankhe poyera, chifukwa alipo ambiri amene ali nalo mumtima. Iwo akuti kwa zaka zingapo akhala akutolera zidutswa za zitenje zotsala akasoka madiresi, n'kumazilumikiza kukhala zofunda za pabedi, zija amati quilt. Aona pa Facebook zithunzi za zionetsero zikuluzikulu za ku America ndi ku England, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kuyamba kusunga ndalama za ndege kuti akaonetse ntchito yawo kumeneko, kapena ayambe kaye kuphunzitsa ena konkuno, monga momwe amayi a Chigwirizano a kumpingo kwawo akhala akuwapemphera.

Mayi, ine ndikuti yambani ndi kuphunzitsa, ndipo nthawi ya chionetsero ikadzakwana, chofunda chanu chidzatsogole, inuyo mudzatsatire pambuyo. Anthu ambiri sadziwa kuti pa zionetsero zimenezi mwini chofunda sakakamizidwa kukhalapo. Chimene oweruza amafuna ndi nsalu, osati nkhope ya amene wasoka.

Chionetsero chachikulu chimene mwina munachiona pa zithunzizo ndi International Quilt Festival cha ku Houston, m'dera la Texas, chimene chinayamba mu 1974 ndipo chimachitika chakumapeto kwa chaka. Ku Paducah, m'dera la Kentucky, kuli china chimene amakonza a American Quilter's Society, ndipo mumzinda womwewo muli nyumba yosungiramo zofunda zamtunduwu imene inatsegulidwa mu 1991. Ku zionetsero ziwirizi munthu amayamba watumiza zithunzi pa intaneti, akatswiri n'kusankha zofunda zimene zikapachikidwe, choncho zambiri zimatsala panjira. Festival of Quilts ya ku Birmingham, imene inayamba mu 2003 ndipo imachitika chakumapeto kwa July kapena kumayambiriro kwa August, ndi yofewerapo kwa woyamba kumene, chifukwa m'magawo ambiri a mpikisano wake chofunda chilichonse chimene chalembetsedwa motsata malamulo chimapachikidwa kuti anthu achione. Pafupi ndi kwathu kuno, bungwe la South African Quilters' Guild limakonzanso chionetsero cha dziko lonse la South Africa, ndipo chimenechi ndiye ndingakonde kuti mudzayambe kuchiona ndi maso.

Musadziderere poganiza kuti zidutswa zotsala kwa telala sizingapikisane ndi nsalu zogula m'sitolo. Amayi a ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda wa ku Alabama, ankasoka zofunda zawo kuchokera ku zovala zakutha za kumunda pofuna kufunditsa ana usiku, koma mu 2002 ntchito yawo inapachikidwa m'nyumba zazikulu zoonetsera zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 inaikidwa pa masitampa a dziko la America. Chitenje chathu chili ndi mitundu yowala ndi zojambula zazikulu zimene zimakoka maso munthu akadali patali. Chimene chimatigwetsa ife kawirikawiri si kukongola ayi, koma kumalizitsa.

Apa ndikufuna nditsindike, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Chofunda chimakhala ndi magawo atatu: pamwamba pa zigamba, chapakati chofewa chimene chimasunga kutentha, ndi nsalu ya kunsi, ndipo zitatuzi zimasokedwa pamodzi kuti zisamayende. Oweruza amachiyala kapena kuchipachika n'kuona ngati chagona bwino popanda kutukumuka pakati kapena kupindika m'mbali. Amayang'ana pamene ngodya za zigamba zakumana, amapapasa mpendero kuti amve ngati wadzaza mpaka kumapeto, amachitembenuza n'kuona ngati ulusi wa kunsi ukufanana ndi wa pamwamba, ndipo mzere wa choko kapena pensulo umene unaiwalika kuchapa amauona msanga. Msoko wa zigamba ndi wa kota ya inchi, pafupifupi mamilimita 6, ndipo atelala ozolowera misoko ikuluikulu ya madiresi amavutika nawo poyamba. Mukamalakwitsa ndi mamilimita 2 okha pa msoko uliwonse, pofika msoko wa 20 mzere wanu wasiyana ndi unzake ndi masentimita 4, ndiye mudzayamba kukoka nsalu kuti ikwanire, ndipo kutukumuka kuja kumayambira pamenepo.

Chitenje chenichenicho chimafunanso chisamaliro chake. Chichapeni musanachidule, mtundu uliwonse pawokha, mpaka madzi atasiya kusintha, chifukwa chofiira chikachuchira pa choyera chofunda chitatha kale, ntchito ya miyezi yawonongeka. Zitenje zambiri zimene tikugula mumsika waukulu wa Lilongwe masiku ano si zathonje lokhalokha. Ngati mukukayika, dulani kachidutswa kakang'ono mukayatse ndi machesi panja: thonje limapsa n'kusiya phulusa lofewa ndi fungo ngati la pepala, pamene polyester imasungunuka n'kuuma kukhala kanjere kolimba. Musaziphatikize pa chofunda chimodzi, pakuti sizibwerera mofanana zikachapidwa ndipo sizipirira simbi mofanana. Amene mumasitira simbi ya makala, yalani nsalu yoyera pamwamba, chifukwa kakhala kamodzi kothetheka kamaboola chigamba chimene chili pakatikati pa ntchito yonse. Chofunda chopita kuchionetsero chimafunanso kathumba kotalika kosokerera kumsana chakumtunda, kotambalala mainchesi 4, kolowetsamo ndodo yopachikira, komanso kansalu kolembapo dzina lanu, dzina la chofundacho ndi chaka.

Tsopano chifukwa chimene ndikunenera kuti muyambe ndi kuphunzitsa. Choyamba ndi chakuti kuphunzitsa kumawongola dzanja la mphunzitsi yemwe. Munthu ukaima pamaso pa amayi anzako n'kumawauza kuti msoko ukhale wa kota ya inchi, sungathenso kusoka mwachisawawa ukabwerera pa makina ako. Chachiwiri ndi ndalama. Ngakhale kunja komweko, ochepa kwambiri ndi amene amadya za mphoto za mipikisano. Ambiri amene ntchitoyi ndi imene imawadyetsa amapeza ndalama pophunzitsa, pogulitsa mapatani ndiponso posokera ena. Chionetsero chimatchukitsa dzina, ndipo dzinalo ndi limene limachititsa kuti munthu aziitanidwa kukaphunzitsa.

Musatenge gulu lonse la Chigwirizano nthawi imodzi. Amayi anayi kapena asanu akwana, makamaka ngati makina ndi awiri okha, ndipo makina opondera ndi abwino chifukwa phunziro siliima magetsi akazima. Tsiku loyamba asakhudze n'komwe makina: aphunzire kuchapa, kusita ndi kudula mowongoka. Kenako asoke chigamba chimodzi cha tizidutswa 9, mizere itatu ya titatutitatu, kalikonse kodulidwa mainchesi awiri ndi theka mbali zonse, ndipo achibwereze mpaka ngodya zinayi zapakati zikumane bwino. Ayambe ndi chofunda cha mwana wakhanda kuti aone chinthu chitatha asanagwe ulesi. Nkhani ya malipiro muikambe poyera kuyambira pachiyambi, ngakhale ndi anzanu a mumpingo, ndipo alipire phunziro lisanayambe, kaya pamanja kaya pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndikudziwa kuti kutchulira mtengo munthu amene mumapemphera naye kumachititsa manyazi, koma maphunziro aulere sachedwa kuzilala, mphunzitsi akatopa ndipo ophunzira akayamba kujomba. Mukonzenso nyengo yanu kuti zofunda za gululo zikhale zitatha pofika May, anthu akamayamba kufunafuna zofunda za m'nyengo yozizira ya June ndi July. Mukazipachika pa zingwe m'holo ya tchalitchi Loweruka lina, anthu n'kubwera kudzaona ndi kugula, chimenecho ndi chionetsero chanu choyamba, ndipo zithunzi zake mudzazifuna polembetsa kunja.

Za ulendo ndinene mosabisa kuti ndi wodula. Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu munthu amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo zolipira zake, malo ogona ndi kulembetsa komwe, zimawerengedwa m'ndalama zakunja, pamene kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Ku England ndi ku America kumafunika visa, ndipo mu August 2025 dziko la America linayamba kufuna kuti Amalawi opita kukacheza azisiya kaye chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000. Dziwaninso kuti visa ya mlendo wokacheza simulola munthu kugwira ntchito yolipidwa mwachisawawa, choncho mukadzaitanidwa kukaphunzitsa, okuitananiwo akulembereni kalata ndipo mufunse ku ofesi ya kazembe za mtundu wa visa woyenera. Ku South Africa ndiye kosavuta, popeza Mmalawi amalowa popanda visa pa ulendo waufupi, ndipo basi yodzera ku Tete ndi ku Beitbridge imakufikitsani ku Johannesburg.

Potumiza chofunda chokha, werengani malamulo a chionetserocho kawiri, makamaka za kukula kwake ndi tsiku lomaliza kulandira. Chijambuleni panja m'mawa dzuwa lisanawale kwambiri, chitapachikidwa mowongoka, chithunzi china chachonse ndi china chapafupi chooneka misoko. Pochipinda musadutsitse mapindo onse pamzere umodzi, chikulungeni m'nsalu yoyera yathonje kenako m'pulasitiki, ndipo pa fomu ya kasitomu mulembe kuti n'chopita kuchionetsero ndipo chidzabwerera. Ndalama zochibwezera kuno muziwerengeretu pamodzi ndi zotumizira. Tsiku limene mudzakwere nacho ndege nokha, chofundacho chikhale m'chikwama cha m'manja, koma sizasi ndi mpeni wodulira nsalu zipite m'sutikesi yaikulu, chifukwa pachipata cha chitetezo adzakulandani.