Taika amalume kapena taika thupi lawo?

Funso la sabata ino lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Ngabu. Akuti atanena pasiwa kuti "amalume tawaika dzulo," mng'ono wake wa kukoleji anamudula pakamwa: "Mwaika thupi lawo basi. Munthu ndi maganizo, ndipo maganizowo anachoka kale." Ndiye akufunsa kuti walankhula Chichewa cholondola ndani.

Aphunzitsi, pepani ndi zovutazo. Koma funso lanuli landifika pamtima.

Tcherani khutu ku mneni. Munthu timati akubwera, mtembo timati ukubwera. Apa mng'ono wanuyo akhoza kudumpha kuti mwaonatu, chiyankhulo chauchotsa mtembo pagulu la anthu. Asafulumire. Mzimu nawonso timati ukubwera, mtima ukukana, mutu ukuwawa. Maganizo ake omwewo timati akuchuluka, inde, koma "a" ameneyo ndi wa madzi ndi maungu, si waulemu uja timapatsa amalume.

Tsono onani mmene timakambira za thupi munthu ali moyo. Mwana akagwa mumtengo wa masawu amalira kuti "ndathyoka mkono." Wathyoka ndi iyeyo, mkono ukungoloza pamene wathyokera. Msodzi akakumana ndi tsoka pa Shire timati ng'ona yamugwira mwendo. Yamugwira iye. Ndani ananenapo kuti ng'ona yagwira thupi la msodzi, mwini wake ali kwina?

Pali mawu ena amene sinditopa kuwakamba. Anansi athu Asena thupi amaliti manungo. Ife timati malungo, ndipo lero aliyense amangoganiza za udzudzu wa ku Elephant Marsh ndi mankhwala a LA. Ine ndimakhulupirira kuti mawuwa ndi amodzi, ochokera ku kulunga, kutanthauza mfundo ndi ziwalo zolumikizana. Agogo anga ku Chiromo akati "ndikumva malungo" ankadzisisita m'mawondo ndi m'zigongono. Matendawa analanda dzina la thupi lomwe amaliphwanya. Wina adzanditsutsa ndi mabuku ake, koma ine ndinaona kumene dzanja la agogo linkapita.

Nanga maganizowo? Amachokera ku kuganiza, monga mayankho achokera ku kuyankha. Ndi zimene munthu amatulutsa, osati malo amene amakhalamo. Makolo akafuna kuloza munthu wam'kati ankaloza pachifuwa: ndinati chamumtima, mtima uli m'malo, ngouma mtima, wataya mtima. Mutu ankausiyira nzeru ndi misala. Ndipo mtimawo ndi nyama ndithu, ya mbuzi timaotcha pa Dyeratu. Mpanda umene mng'ono wanu waumanga pakati pa thupi ndi maganizo waubweretsa kuchokera m'kalasi, m'Chichewa sunamere.

Kuno kuchigwa tili ndi mboni yaikulu. Nkhani ya Amang'anja imati adani a Mbona atamupha anamudula mutu, ndipo mutuwo unaikidwa ku Khulubvi, ku Nsanje. Imatinso amabwera ngati nsato kudzacheza ndi mkazi wake, amene amatchedwa Salima. Mutu uli m'nkhalango, thupi ndi la njoka, koma opempha mvula sasokonezeka. Amatchula dzina limodzi lomwelo.

Madzi atasefukira mu Januwale 2015 ndinakumana ndi mayi wina pamsasa ku Bangula, atakhala pa thumba la ufa wachithandizo. Amuna awo anakokoloka cha ku Makhanga. Ndinafunsa mosamala ngati mtembo unapezeka. Anandiyankha kuti, "Sitinawapeze." Sananene kuti sitinaupeze. Ine ndi ukatswiri wanga ndinachita manyazi, chifukwa amene ankafunidwa m'mabango muja anali bambo a ana awo.

Choncho, aphunzitsi, munalankhula bwino. "Amalume tawaika" ndi Chichewa chenicheni. "Amalume atisiya" ndi Chichewa chenicheninso, ngakhale pamene mukunena zimenezo ali chigonere pamphasa m'nyumba, amayi atawazungulira. Pakamwa pamodzi pamatuluka zonse ziwiri tsiku limodzi ndipo palibe amadabwa. "Thupi la malemu" la pa wailesi ndi m'tchalitchi nalonso ndilibe nalo mlandu, limafewetsa mawu oti mtembo kapena chitanda, amene amabaya ofedwa.

Chimene sindingachilole ndi ichi chafala masiku ano: "bodi yanyamuka ku mochale." Bodi! Mawu omwewo timatchulira chitsulo cha lole yonyamula nzimbe ku Nchalo. Mng'ono wanuyo akafuna kukonza Chichewa cha anthu pamaliro, akayambire kwa anzake amene amatumiza uthenga umenewo pa WhatsApp, inu akusiyeni.