Za bondo lanu lija: ultrasound ingathandize, koma osati pa zonse

Achimwene, mwati munapotokola bondo posewera mpira, X-ray sinaonetse kanthu, ndiye mukufunsa ngati sikani ya ultrasound ingakwanire poti MRI, sikani ina yomwe imaona m'kati monse mwa bondo, ndi yodula. Zikutengera kuti mtsempha womwe wavulala ndi uti.

Choyamba, X-ray imaona mafupa basi. Ikatuluka bwino, nthawi zambiri ndiye kuti simunathyoke, koma sizitanthauza kuti bondo lili bwino.

Bondo limamangidwa ndi mitsempha ikuluikulu 4. Iwiri ili m'mbali: MCL mbali yoyang'anizana ndi bondo linzake, LCL mbali yakunja. Imeneyi ili pafupi ndi khungu, ndipo ultrasound, makina omwe aja amaunikira amayi oyembekezera, imaiona bwino. Ubwino wake, wojambula amatha kukankhira mwendo cham'mbali uku akuyang'ana pa sikirini kuti aone ngati mafupa akutalikirana, kenako n'kuyerekeza ndi bondo labwinolo. Imaonetsanso madzi kapena magazi amene adzadza m'bondo, komanso mtsempha wa kunsi kwa chivindikiro cha bondo ngati waduka.

Vuto lili pa iwiri inayo, ACL ndi PCL, yomwe imapingasana pakatikati penipeni pa bondo. Mafunde a ultrasound sadutsa fupa, ndipo ACL yabisala kuseri kwa mafupa. Katswiri akhoza kuona zizindikiro zoti mwina yaduka, koma kuti atsimikize, komanso kuti aone ngati kachichereŵechereŵe kotchedwa meniscus kang'ambika, pamafunika MRI. Ndiye wina akakuuzani kuti "sikani yatuluka bwino, ACL ili bwinobwino" atangogwiritsa ntchito ultrasound, ine sindingakhutire nazo. Ndipotu sikani imeneyi imadalira kwambiri luso la munthu wogwira makinawo. Amene anazolowera kuunika mimba si kuti maondo amawadziwanso.

Kumbukirani mmene zinachitikira. Ngati munamva kuti "thu" m'bondomo, likutupa pasanathe maola ochepa, ndipo pano limakugwetsani mukafuna kukhota, ganizani za ACL. Ngati wina anakugundani kunja kwa bondo, ululu n'kukhala mbali ya mkati, nthawi zambiri imakhala MCL. Imeneyi kawirikawiri imapola popanda opaleshoni, ndi chomangira bondo komanso masewera a physio. ACL ikaduka kotheratu nthawi zambiri silumikizana yokha, ndipo amene apangidwa opaleshoni amatenga miyezi pafupifupi 9 asanabwerere m'bwalo.

Musanawononge ndalama pa sikani iliyonse, pitani kwa dokotala wa mafupa kapena a physio akakugwireni bondolo ndi manja. Pali kuyeza kotchedwa Lachman: amapinda bondo pang'ono n'kukokera msongolo kutsogolo. Wodziwa ntchito amazindikira ACL yoduka pomwepo, ndipo ndi iye angakuuzeni ngati MRI ikufunikadi. Pakadali pano mpira musiye kaye, ikani ayezi wokulunga m'nsalu, mwendo uzikhala pokwera, ndipo musalole kuti wina alikoke kapena kulitema mphini. Bondo likakanika kuwongoka, kapena phazi likachita dzanzi n'kuzizira, pitani kuchipatala lero lomwe.