Mabatire akuluakulu sangapulumutse masensa anu

Bambo wina wandilembera imelo. Akuti masensa oyeza chinyezi amene anaika m'munda wawo wothirira akumafa pakangotha milungu yochepa, ndipo oyamba kufa ndi oyandikana ndi gateway, chipangizo cholandira mauthenga a masensa onse. Agule mabatire akuluakulu kodi?

Funsoli landikhudza, bambo, chifukwa nafenso tinauzidwa zomwezo pamene tinkaika masensa a ESP32 (chip yokhala ndi wailesi yakeyake) kudimba kwa alamu anga. Wogulitsa pashopu ina anangotulutsa mabatire a 18650, amvekere, "Bwana, awa satha." Tinaika zonse m'mabotolo apulasitiki, kumata ndi selotepi kuti mvula isalowe, koma pofika nthawi yopalira masensa onse anali zii. Alamu n'kuyamba kundiyang'ana cham'mbali. Multimeter, chida choyezera magetsi, ndiyo inaulula wakuba. Chip ya ESP32 ikagona imadya pafupifupi 10 µA basi, koma karegulator ka AMS1117 kapabolodi, kamene kamatsitsa mphamvu ya batire kuti ikwanire chip, kankayamwa pafupifupi 5 mA (kuchulukitsa 10 µA ka 500) usana ndi usiku, osawerengera kanyali kofiira kongoyaka popanda ntchito. Batire lalikulu pamenepo n'kuthira madzi m'ndowa yobooka.

Ndinene mosabisa: wokuuzani kuti vuto ndi batire sanayezepo kanthu, akufuna ndalama zanu. Kupatula regulator ndi kanyali, chimene chimamaliza moto ndi wailesi ya sensayo, potumiza komanso pongokhala tcheru kudikira uthenga umene sukubwera. Wi-Fi m'munda ayi, ndakana, imadya moto wambiri.

Za kufa msanga kwa oyandikana ndi gateway si zachilendo. Ngati masensa amapatsirana uthenga, apafupiwo amasenza mauthenga a anzawo onse akutali. Wendi Heinzelman ndi anzake ku yunivesite ya MIT ku America anatulutsa njira yotchedwa LEACH m'chaka cha 2000: masensa amagawika m'magulu, ndipo udindo wosonkhanitsa ndi kutumiza uthenga wa gulu umazungulira, kuti mmodzi asafe yekha. Mu 2002, ofufuza a ku Berkeley anaika masensa m'mauna a mbalame za m'nyanja pa Great Duck Island ku Maine, ndipo nawonso ankawagoneka nthawi yambiri kuti mabatire a AA afike kumapeto kwa nyengo. Zaka zonsezi zapita, ife tikugulitsidwabe mabolodi oyaka nyali.

Ndiye muchite chiyani?

Chotsani kanyaliko, sinthani regulator. Sensa izidzuka kamodzi pa ola, chifukwa chinyezi cha dothi sichisintha mphindi iliyonse. Ngati mungathe, pitani ku LoRa, wailesi yofika patali ndi moto wochepa, kuti sensa iliyonse izilankhula yokha ndi gateway, ndipo gatewayo muikweze pamtunda kuti muthe kugwiritsa ntchito SF7, katumizidwe ka LoRa kachangu koma kofika pafupi. Uthenga womwewo pa SF12, katumizidwe kapang'onopang'ono kofika patali, umatenga nthawi yochuluka koposa ka 20. Za sola mudzandilemberenso mukamaliza zimenezi.