Kwa achemwali ofunsa za chikondi cha adani mu nthano za ma Viking

Achemwali, mwati mukufuna kulemba nkhani ya chikondi yokhala ndi mizimu komanso milungu ya ma Viking (anthu akale a kumpoto kwa Ulaya), ya anthu awiri odana amene amadzakondana, nde mukufunsa poyambira. Ndaona ena akuti ingotengani Loki, mulungu wa ukathyali uja, basi poti ndi wotchuka. Ine ndikuti dikirani kaye. Loki amene ambirife timamudziwa ndi wa mafilimu a Marvel ndipo kumeneko anasintha zambiri, mu nthano zakalezo Loki si mchimwene wake wa Thor (mulungu wa bingu) ayi, ubale wa magazi anapangana ndi Odin, mkulu wa milungu. Nthanozi zambiri zinalembedwa ku Iceland, Snorri Sturluson analemba buku lake la nthanozi lotchedwa Edda cha m'ma 1220 ndipo ndakatulo zakale zinasungidwa m'buku la pachikopa lotchedwa Codex Regius la cha m'ma 1270, zomasulira zakale za Chingerezi mukhoza kuzipeza ulere pa intaneti.

Ine ndikanakhala inu ndikanayambira pa Skadi. Bambo ake anali Thjazi wa mtundu wa zimphona, adani a milungu. Thjazi anaba mulungu wamkazi Idunn pamodzi ndi maapozi ake aja amene milungu imadya kuti isakalambe, mapeto ake milungu inamupha. Nde mtsikana uja sanakhale pansi kumalira, anavala chisoti ndi zida zonse za nkhondo ulendo wa ku Asgard, kwawo kwa milungu, yekhayekha kukalipsira. Milungu itaona kuti apa zavuta inati tikambirane chipukuta misozi. Anagwirizana kuti asankhe mwamuna pakati pawo koma azingoona mapazi okha, nkhope ayi. Iye anaona mapazi okongola kwambiri nkumati awa ndi a Baldr basi, mulungu wokongola kuposa onse, kumene ali a Njord mulungu wa kunyanja. China chinali chakuti amuseketse, zomwe iye ankaganiza kuti sizingatheke, koma Loki anamanga chingwe ku ndevu za mbuzi mbali inayi nkudzimangirira malo osatchulika pagulu, nkumakokana onse akukuwa mpaka Skadi anaseka. Odin naye anaponya maso a Thjazi kumwamba nkusanduka nyenyezi ziwiri.

Taganizani pamenepo, mkazi walowa banja ndi mmodzi wa gulu lomwe linapha bambo ake, ndiponso si amene ankamufuna. Kenako inabuka nkhani ya kokakhala, ngati ija timakangana ya chitengwa ndi chikamwini. Anapangana zosinthana, mausiku 9 ku Thrymheim kumapiri kwa malemu bambo ake, kenako kunyanja ku Noatun kwa Njord. Njord anati mapiri andikwana, kulira kwa mimbulu sindingakupirire, Skadi naye akuti kunyanja sagona tulo mbalame zimamudzutsa m'mamawa uliwonse. Banja linatha choncho, popanda woipa. Ndipo za bambo ake sanaiwale, patsogolo milungu itamanga Loki, anali Skadi yemweyo amene anapachika njoka pamwamba pa nkhope yake kuti ululu uzimudonthera, paja Loki anadzitama pamaso pake kuti iye ndi amene anali patsogolo pophedwa Thjazi.

Apa ndi pamene tinkhani tambiri ta adani okondana timandibowa. Udani wake umangokhala wakuti mnyamata ndi wamwano, mtsikana ndi wamakani, anyozana kawiri katatu pofika chaputala 5 apsompsonana kale. Amenewo si adani achemwali, akungonyadirana. Kwa ma Viking udani unali ngongole ya magazi, munthu akaphedwa abale ake amayenera kubwezera kapena kulandira malipiro, ukangokhala chete wachititsa manyazi mtundu wonse. Nde wanuyo akakonda mdani payenera kukhala wina kwawo amene azimufunsa kuti magazi a bambo athu wawagulitsa zingati.

Ngati mukufuna za mizimu zenizeni, zoimitsa tsitsi, werengani za Helgi Hundingsbane ndi Sigrun. Sigrun anali valkyrie, akazi aja osankha ofera kunkhondo. Bambo ake Hogni anamulonjeza kwa Hodbrodd amene iye sankamufuna, anathawira kwa Helgi, kunachitika nkhondo ndipo Hodbrodd anafa, koma bambo ake a Sigrun ndi mlongo wake Bragi anaferanso konko. Anakwatirana ndithu. Mlongo wake wotsala Dag analumbira kuti sadzachita chiwembu koma kenako anapereka nsembe kwa Odin, Odin anamubwereka mkondo, Dag nkukamubaya mlamu wake Helgi. Madzulo ena wantchito wa Sigrun anaona Helgi atakwera hatchi ndi anthu ake akulowa kumtumbira kwake. Sigrun anathamangirako nkumupeza tsitsi lili chisanu chokhachokha, thupi magazi, manja ozizira, Helgi nkumuuza kuti ndi misozi yako imeneyi, iliyonse ukalira imandigwera pachifuwa ngati magazi. Mkazi anayala pogona mumtumbiramo nkugona m'manja mwa wakufa mpaka tambala asanalire Helgi anabwerera. Mawa lake anadikira, sanabwerenso, ndipo sanakhalitse anafa ndi chisoni. Ine ulendo woyamba kuwerenga pamenepa ndinaika foni pansi kaye.

Ya mulungu Freyr ndi Gerd samalani nayo. Anthu amaitchula ngati chikondi cha adani poti Gerd ndi mwana wa chimphona Gymir, koma mukaiwerenga Freyr sanapite nkomwe, anatuma wantchito wake Skirnir. Maapozi agolide 11 mtsikana anakana, mphete anakana, lupanga sanaliope, anavomera ataopsezedwa ndi matemberero. Kumeneko nkukakamiza, owerenga akazi akutukwanani. Chomwe ndingatengeko nchoti Freyr anapereka lupanga lake chifukwa cha mkaziyo ndipo pa Ragnarok, nkhondo yomaliza ya milungu, adzakumana ndi Surtr, chimphona cha moto, alibe lupangalo nkugwa.

Vuto lomwe mukumane nalo ndi mathero. Okonda mabuku a chikondi a mtundu umenewu amafuna awiriwo athere limodzi osangalala, mukapha mmodzi amakwiya zedi, pamene nthano za kumpotoko zimakonda kuthera pamanda kapena pamoto, mu nthano ina mkazi wotchedwa Brynhild anaphetsa Sigurd amene ankamukonda kenako nkudzipha kuti awotchedwe naye. Koma pali kakhomo, kumapeto kwa ndakatulo ya Helgi amati awiriwo anabadwanso, Sigrun nkukhala Kara. Nde mukhoza kuwabweretsa lero, mwina ku Reykjavik kapena ku Bergen, mkazi akukumbukira kuti munthu uyu anaphetsa bambo ake koma mwamunayo sakukumbukira kanthu, ndipo Dag nayenso wabadwanso mkondo uja akadali nawo. Mukalemba chaputala choyamba mundiponyere ku inibokosi, ndikufuna ndione Dag mwamupatsa ntchito yanji.