Denga likudontha mu Juni, chonsecho mvula kulibe

Mayi wina wa ku Dedza wandilembera imelo. Akuti nyumba anamaliza kumanga chaka chatha, malata ndi atsopano, koma m'mawa uliwonse madzi akumadonthera pabulangete pomwe mvula inasiya kalekale. Mmisiri anabwera kudzamata pamisomali, sizinasinthe. Akufunsa ngati anawagulitsa malata achinyengo.

Mayi, malatawo alibe mlandu, ndipo phula lomatira musagulenso. Madziwo ndi a m'nyumba mwanu momwemo.

Usiku wa mu Juni ndi Julayi, kumwamba kukayera, malata amazizira kuposa mpweya wa m'nyumba, makamaka kwanuko komwe n'kokwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Mpweya umene mumapuma mukagona umakhala ndi chinyezi. Onjezani nthunzi ya mphika wa nyemba, madzi osamba, ndi zovala za ana zoyanika kuchipinda. Mpweya wofundawo umakwera, ukakhudza lata lozizira n'kusanduka madontho ngati mame pa udzu. Nyumba yatsopano imanyanya, chifukwa pulasitala ndi simenti yapansi zimatenga miyezi kuti ziumitsitse.

Mawa mbandakucha muunike kudenga ndi tochi. Mukaona timadontho tili mbwee pansi pa malata onse, tikuyenderera mpaka pamtanda, dziwani kuti ndi chinyezi. Lata lobooka limadontha pamalo amodzi, komanso pokhapokha mvula ikugwa.

Chimene chimandidandaulitsa ndi mamangidwe athu. Amisiri ambiri amakweza njerwa mpaka kugunda lata poopa fumbi, mileme ndi makoswe. Eni nyumba nawo timabowo ta pamwamba pa mawindo amatitseka ndi nsanza chifukwa cha chisanu. Nanga chinyezicho chitulukire pati? Muuzeni mmisiri aboole mabowo pamwamba penipeni pa makoma awiri oyang'anizana, aikemo sefa yawaya kuti tizilombo tisalowe. Nsanza zija chotsani, muziphikira kukhitchini yapanja, ndipo dzuwa likatuluka tsegulani mawindo.

Ena akuuzani kuti muike siling'i basi. Siling'i yokha imangobisa vutolo: madzi azidonthera pamwamba pake, posakhalitsa mawanga akuda aoneka, matabwa n'kuyamba kuwola. Mukaiika, pakati pa iyo ndi malata mpweya uzidutsa. Ngati thumba likulola, pali pepala lonyezimira lija loyala pansi pa malata, limene amati sisalation, koma kuliyala bwino kumafuna kukhomola malata kaye.

Za mbaula nditchule ngakhale simunafunse. Musamagone nayo kuchipinda kotseka, ngakhale kuzizire bwanji. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene umapha anthu ali m'tulo.